Mfuti yakale yogula m'manja: werengani musanatulutse ndalama

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ndalama zimalowa m'midzi. Wina wagulitsa fodya ku Macanga, wina mbatata ya kachewere ku Tsangano, wina soya ndi chimanga ku Angónia, wina ng'ombe. Ndalama zikalowa, mantha nawonso amalowa. Akuba amadziwa nyumba imene yalandira ndalama. Amadziwanso khola limene lili kutali ndi anthu.

Ndi pa nyengo yomweyi pamene munthu wina amakukokerani pambali pa msika n'kuyamba kulankhula monong'ona. Akuti ali ndi kamfuti kakang'ono. Akuti ndi kakale, koma kakugwira ntchito bwinobwino. Mtengo mukambirana. Zipolopolo akuikirani m'kathumba ngati basela.

Tsamba lino likuti musagule. Sitikupeputsa mantha anu. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo tikambapo kutsogoloku. Tikuti musagule chifukwa mfuti ndi katundu wokhala ndi zolemba. Zolemba zake zilipo zinayi: nambala ya mfutiyo, dzina la zipolopolo zake, zolemba za pansi pa chipolopolo, ndi pepala la boma lokhala ndi dzina lanu. Zonsezi ziyenera kupezeka, ndipo ziyenera kugwirizana. Munthu wogulitsa mobisa sangakupatseni zonse zinayi. Inu amene mukuphunzira kuwerenga mungathe kudzionera nokha.

Kodi volovolo ndi mfuti yotani?

Mfuti yaing'ono imene tikukamba pano ndi imene timati volovolo. Pa Chipwitikizi amati revólver. Imagwiridwa ndi dzanja limodzi. Pakati pake pali chitsulo chozungulira chooneka ngati kang'oma, chimene pa Chipwitikizi amati tambor. Kang'oma kameneka kali ndi mabowo, kawirikawiri 5 kapena 6. Bowo lililonse limalandira chipolopolo chimodzi.

Munthu akakoka kachitsulo ka pachala, kang'oma kamazungulira pang'ono, ndipo bowo limodzi limayang'anizana ndi mpaipi wa mfuti. Kenako kanyundo kam'mbuyo kamamenya pansi pa chipolopolo. Wonga umayaka, ndipo mutu wa chipolopolo umathamanga mumpaipi n'kutuluka.

Mfuti za mtunduwu si zatsopano. Samuel Colt wa ku United States adalembetsa yake m'chaka cha 1836. Kuyambira pamenepo mafakitale ambiri akhala akuzipanga: Colt ndi Smith & Wesson ku United States, Webley ku Britain, Taurus ndi Rossi ku Brazil. Chitsulo chake chimakhalitsa. Mfuti imene munthu akukuonetsani lero ingathe kukhala yaikulu kuposa agogo anu, ndipo yadutsa m'manja ambiri amene inu simukuwadziwa.

Cholemba choyamba: nambala ya mfuti

Mukamagula njinga yamoto yakale, mumawerama n'kuyang'ana nambala ya pa injini. Kenako mumaiyerekeza ndi ya pa mapepala. Zikasiyana, mumadziwa kuti pali vuto.

Mfuti nayonso ili ndi nambala yotere. Pa Chipwitikizi amati número de série. Mafakitale odziwika amaidinda pa chitsulo cha mfuti, nthawi zambiri kunsi kwa chogwirira kapena pa thupi lake. Nambala imeneyi ndi imene apolisi amagwiritsa ntchito pofufuza kumene mfuti idachokera ndi mwini wake.

Ngati pamalo pa nambala papalidwa ndi tupa, dzifunseni kuti wopalayo amabisa chiyani. Munthu sataya nthawi kufuta nambala ya katundu amene adamupeza mwachilungamo. Mwina mfutiyo idabedwa kwa mlonda. Mwina idatuluka mosungira zida za boma mwakuba. Mwina idapha kale munthu.

Palinso cholemba china chimene tupa sangachifike msanga. M'kati mwa mpaipi muli mizere yokhotakhota imene imazunguza mutu wa chipolopolo kuti uwongoke. Mizereyi imasiya zipsera pa chipolopolo chilichonse chimene chadutsamo. Ambirife tidadindapo chala pa pepala tisanadziwe kulemba dzina. Tikudziwa kuti chidindo cha chala chimaloza munthu mmodzi. Zipsera zimenezi zimagwira ntchito yofanana. Akatswiri ofufuza milandu angathe kuyerekeza chipolopolo chopezeka pamalo a ngozi ndi mfuti imene agwira.

Tsono taganizani. Mfuti yapezeka pansi pa mphasa yanu. A SERNIC, amene ndi ofufuza milandu m'dziko lathu, akufunsa kumene mudaitenga. Wokugulitsani uja mumangomudziwa ndi dzina la pa msika. Sadakupatseni risiti. Foni yake sikugwiranso. Mafunso onse a mfutiyo, ngakhale a zinthu zimene zidachitika inu musanaione, akubwera kwa inu.

Cholemba chachiwiri: dzina la zipolopolo

Anthu ambiri amaganiza kuti chipolopolo chilichonse chimene chalowa m'bowo n'choyenera. Maganizo amenewa adula anthu zala ndi kuwaboola maso.

Mfuti iliyonse idapangidwira zipolopolo za mtundu wake. Pa Chipwitikizi amati calibre. Dzina la mtunduwo limalembedwa pambali pa mpaipi. Nthawi zambiri limayamba ndi kadontho, kenako nambala, kenako mawu. Tiyeni tiwerenge limodzi mayina atatu awa:

.38 S&W

.38 SPECIAL

.357 MAGNUM

Awiri oyambawo onse ali ndi 38, koma ndi zipolopolo zosiyana. Cha .38 S&W n'chachifupi ndiponso chonenepa pang'ono. Cha .38 Special n'chachitali. Pa mfuti zina za Smith & Wesson padalembedwa kuti .38 S&W SPECIAL CTG, ndipo pa zina padalembedwa kuti .38 S&W CTG. Kusiyana kwake ndi liwu limodzi lokha, SPECIAL. Amene wadumpha liwu limeneli wagula zipolopolo zolakwika.

Dzina lachitatu lili ndi msampha wina. Mukaona 357 ndi 38 mungaganize kuti kunenepa kwake n'kosiyana kwambiri. Zoona zake n'zakuti mutu wa .357 Magnum ndi wa .38 Special ndi wofanana kunenepa, pafupifupi mamilimita 9. Kusiyana kuli pa mphamvu. Chipolopolo cha .357 Magnum chidatuluka m'chaka cha 1935, ndipo chimakankha chitsulo cha mfuti ndi mphamvu pafupifupi kuwirikiza kawiri. Opanga adachitalikitsa dala ndi mamilimita pafupifupi 3, kuti chisalowe m'mfuti yofooka ya .38 Special.

Choncho mfuti ya .357 Magnum imatha kulandira zipolopolo za .38 Special, koma mfuti ya .38 Special siyenera kulandira za .357 Magnum. Vuto limabwera pamene wina adakuza mabowo a kang'oma kuseri kwa nyumba, kuti zipolopolo zimene adali nazo zilowe. Pamenepo chotchinga chimene opanga adaika chachoka. Chipolopolo champhamvu chilowa, ndipo kang'oma kangathe kuphulikira m'dzanja la wowombayo.

Palinso chizindikiro china chaching'ono: +P. Chimatanthauza kuti chipolopolocho chili ndi mphamvu yoonjezera. Mfuti zambiri zakale sizidapangidwire mphamvu imeneyi.

Safunsa anadya phula. Pa nkhani ya mfuti, phulalo ndi chitsulo chotentha kumaso.

Cholemba chachitatu: pansi pa chipolopolo

Chipolopolo chili ndi zigawo zinayi. Pali chigoba cha mkuwa, wonga wa m'kati, mutu umene nthawi zambiri ndi wa mtovu, ndi kabatani kakang'ono pansi kamene kamayatsa wonga. Mozungulira kabatani kameneka pamadindidwa zilembo zing'onozing'ono. Zimatchula fakitale ndi mtundu wa chipolopolo, monga 38 SPL kapena 357 MAG.

Lamulo la chitetezo n'losavuta. Zolembedwa pa mpaipi, zolembedwa pansi pa chipolopolo, ndi zolembedwa pa bokosi lake ziyenera kunena chinthu chimodzi. Zipolopolo za m'kathumba ka pa msika zilibe bokosi. Zimakhala zosakaniza. Palibe amene angakuuzeni chaka chimene zidapangidwa, kapena kumene zakhala zikugona.

Chinyezi, mafuta ndi kutentha zimawononga wonga. Chipolopolo chimene chakhala m'dzenje, m'denga la udzu kapena m'nkhokwe chingathe kuchita zinthu zitatu zoopsa.

Choyamba, chingathe kukana. Mwaloza wakuba, mwakoka, ndipo palibe chimene chachitika. Iye waona kuti muli ndi mfuti, ndipo tsopano akuopa kukusiyani wamoyo.

Chachiwiri, chingathe kuchedwa. Mwakoka, kwangoti zii. Mukutembenuza mfuti kuti muone chavuta, ndipo pamenepo m'pamene chikulira.

Chachitatu, chingathe kulira mofooka, mutu wake n'kukakamira m'kati mwa mpaipi. Kunja simuona kanthu. Mukawomba kachiwiri, chipolopolo chatsopano chikagunda chakale m'kati, ndipo mpaipi ungathe kutupa kapena kung'ambika.

Dziko lathu likudziwa kuopsa kwa zida zakale. Pa 22 Malichi 2007, mosungira zida za asilikali ku Malhazine, mumzinda wa Maputo, mudaphulika. Mabomba ndi mizinga yakale zidagwera m'nyumba za anthu, ndipo anthu pafupifupi 100 adamwalira. Zija zidali zida zazikulu, zosiyana ndi zipolopolo za volovolo. Koma phunziro lake likutikhudza: wonga ukakalamba, suyenera kukhulupiriridwa.

Zimene maso saona

Wogulitsa amapukuta mfuti ndi mafuta kuti iwale. Kuwala kwa kunja sikunena za m'kati.

M'mfuti yakutha, kang'oma kamagwedera. Bowo siliyang'anizananso bwino ndi mpaipi. Zikatero, mutu wa chipolopolo umagunda m'mphepete, ndipo tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali, kumene kuli nkhope yanu kapena ya mnzanu. Dzimbiri limadya chitsulo m'kati mwa mabowo n'kuchifooketsa. Mng'alu waung'ono ngati tsitsi ungathe kubisala pansi pa mafuta.

Dziwaninso kuti mfuti zambiri za volovolo zilibe kachitsulo kotsekera. Mukakhala zipolopolo, mwana amene ali ndi mphamvu yokoka ndi zala ziwiri angathe kuwomba. Zina zakale zimatha kulira zokha zikagwera pansi.

Zinthu zimenezi amaziyeza ndi mmisiri wa mfuti wovomerezeka, amene pa Chipwitikizi amati armeiro. Mfuti yobisa simungapite nayo kwa iye. Ndiye kuti woyamba kuiyesa ndinu, ndi dzanja lanu lomwe mumalimira.

Cholemba chachinayi: pepala la boma

Ichi ndicho cholemba chachikulu pa zonse. M'dziko la Moçambique munthu wamba saloledwa kusunga kapena kunyamula mfuti popanda chilolezo. Pa Chipwitikizi chimatchedwa licença de uso e porte de arma. Pa 30 Epulo 2007 boma lidatulutsa Decreto 8/2007, imene ndi Regulamento de Armas e Munições, kutanthauza malamulo oyendetsera mfuti ndi zipolopolo. Nkhani zimenezi zili m'manja mwa Polícia da República de Moçambique, pansi pa Ministério do Interior.

Njira yake imayamba ndi pempho lolembedwa. Apolisi amafuna kudziwa kuti ndinu ndani, mumakhala kuti, ngati mudapalamulapo mlandu, ndi chifukwa chimene mukufunira mfuti. Angathe kuvomera, angathenso kukana. Chilolezo chimatsogola, mfuti imabwera pambuyo. Wogulitsa amene akuti "tengani lero, mapepala mudzakonza mawa" wakuikani kale pa mlandu.

Kumbukirani mfundo izi. Chilolezo ndi cha munthu mmodzi. Sichibwerekedwa ngati khasu. Mfuti yolembetsedwa m'dzina la munthu wina siisanduka yanu chifukwa choti mwalipira, pakuti kusintha mwini kumadzera kupolisi. Chilolezo cha malemu bambo anu si chanu, ngakhale mutalandira chuma chawo chonse. Zipolopolo nazonso zili pansi pa lamulo, si mfuti yokha. Mfuti zopanga pamudzi, monga gogodela, apolisi amalandanso.

Ambiri a ife timakhala pafupi ndi malire. Timawoloka pa Zóbuè, pa Calómuè, pa Cassacatiza kapena pa Mandimba kukaona abale ndi kukagula katundu. Chilolezo cha dziko lino chimathera pa malire. Malawi ndi Zambia ali ndi malamulo awoawo, ndipo mfuti yolowa kapena kutuluka mozembetsa ndi mlandu mbali zonse ziwiri.

Mu Código Penal, buku la milandu ndi zilango, mlandu umenewu umatchedwa armas proibidas, ndiko kuti zida zoletsedwa. Chilango chake chimafika pa ndende. Kunena kuti "sindinadziwe" sikumasula munthu pamaso pa woweruza. Werengerani nokha: ndalama za fodya zapita kwa wogulitsa, mfuti yalandidwa, mwini nyumba ali m'ndende, ndipo munda walowa thengo.

"Nanga akuba tiwatani?"

Funso limeneli n'loyenera. Midzi yambiri ili kutali ndi apolisi. Munthu amene adaberedwa ng'ombe zake zolimira safuna kumva nthano. Tiyeni tiliyankhe moona.

Kuti mfuti ikuthandizeni usiku, iyenera kukhala pafupi, zipolopolo zili m'kati. Kuti isaphe mwana, iyenera kukhala yokhomeredwa, zipolopolo zili kwina. Zinthu ziwirizi sizingachitike nthawi imodzi. M'nyumba ya zipinda ziwiri mulibe malo amene mwana sawadziwa. Ana amadziwa kumene amayi amabisa shuga. Mfutinso aipeza. Ndipo sadzaiona yekha, adzaitana anzake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Wakuba amabwera mwina kamodzi, mwina osabwera n'komwe. Koma mowa, nsanje, ngongole ndi mikangano ya malire a munda zimabwera chaka chilichonse. Mkangano umene ukadathera pa bwalo la amfumu m'mawa, pakakhala mfuti umathera kumanda. Mayi amene amamenyedwa kale, mantha ake amawirikiza akadziwa kuti m'nyumba mwalowa mfuti. Munthu amene zamuthina, amene mawa akadadzuka ndi mtima wina, mfuti simupatsa mpata wofika mawa.

Usiku maso amanama. Amene akugwedeza chitseko angathe kukhala mphwanu wochokera ku maliro, kapena mwana wanu wochokera kuseri. Chipolopolo chimaboola chitseko cha matabwa ndi mpanda wa udzu, ndipo chikaphonya chimatha kuuluka mtunda wopitirira kilomita imodzi.

Pomaliza, mfuti nayonso ndi katundu amene akuba amafuna. Wokugulitsani uja akudziwa nyumba yanu. Akudziwa kuti muli ndi ndalama, pakuti mwamulipira. Akudziwanso kuti mfutiyo ikabedwa simungapite kukanena kupolisi.

Njira zimene zili m'manja mwathu

Wakuba amatsata ndalama za m'nyumba. Zichotseni m'nyumba. Ikani ku banki, kapena pa foni kudzera ku M-Pesa, e-Mola kapena mKesh. Apa ndi pamene sukulu yathu ya akuluakulu ikugwira ntchito ya mlonda. Munthu amene amatha kuwerenga uthenga wa pa foni ndi kusunga nambala yake yachinsinsi safunika kupereka foni kwa mlendo kuti amuwerengere. Ngati mulibe Bilhete de Identidade, yambani ndi imeneyo.

Musalengeze tsiku limene mukukalandira ndalama. Pobwera ku msika yendani awiriawiri kapena atatu, dzuwa lisanalowe.

Pa ng'ombe, yandikizani makola. Gwirizanani zolondera mosinthana. Khalani ndi chizindikiro chimene mudzi wonse ukuchidziwa, kaya wenzulo, kaya ng'oma, kaya chitsulo chomenya. Lembani m'kope mtundu ndi zizindikiro za ng'ombe iliyonse. Pogula kapena kusamutsa ziweto, funsani guia de trânsito, pepala loyendera ziweto. Ndipo musagule nyama yotchipa yobwera m'bandakucha, pakuti wogula ndiye amadyetsa wakuba.

Lembani nambala ya foni ya posto policial yapafupi, ya amfumu ndi ya secretário do bairro, n'kuiika pa khoma. Kumene kuli conselho comunitário de segurança, pitani ku misonkhano yake mukalankhule. Mukagwira wakuba, mperekeni kupolisi ali wamoyo. Kumumenya mpaka kufa ndi mlandu wakupha. Mutu umodzi susenza denga, ndipo chitetezo cha mudzi ndi denga lolemera.

Tili ndi mawu kwa akuluakulu a boma nawonso. Lamulo likamaletsa munthu wamba kudzisungira mfuti, boma limasenza udindo womuteteza. Anthu akaimba foni, apolisi afike. Akapereka dandaulo, lilembedwe, ndipo auzidwe mmene mlandu ukuyendera. Kumene anthu amaona kuti kudandaula kumathandiza, wogulitsa mfuti mobisa amasowa msika.

Dziko lino lidayesapo kale

Pa mbendera yathu pali buku, khasu ndi mfuti. Mfuti ya pa mbendera ikuimira kuteteza dziko lonse, ntchito imene tidaipereka kwa asilikali ndi apolisi. Zida zimene zili m'manja mwa ife anthu wamba ndi ziwiri zinazo.

Nkhondo ya zaka 16 idatha pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama adasaina pangano la mtendere ku Roma. N'chifukwa chake 4 de Outubro ndi tsiku la tchuthi. Koma mfuti zambirimbiri zidatsala m'tchire, m'maenje ndi m'nyumba za anthu.

M'chaka cha 1995 Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane wa mpingo wa Anglican, idayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kusandutsa mfuti kukhala makasu. Anthu ankapereka mfuti n'kulandira makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba. Mfuti ndi zida zina zoposa 600,000 zidasonkhanitsidwa. Zambiri zidadulidwadulidwa kuti zisadzalirenso. Amisiri ena adatenga zidutswazo n'kupanga zinthu zokongola. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, adapanga mpando wa zidutswa za mfuti m'chaka cha 2001. British Museum ya ku London idaugula mu 2002.

M'chaka chomwecho cha 1995, apolisi a dziko lino ndi a South Africa adayamba Operação Rachel, ntchito yofukula ndi kuwononga zida zobisidwa. Mu Seputembala 2015 dziko lathu lidalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba okwirira m'malo onse odziwika. Pa 6 Ogasiti 2019 Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade adasaina pangano lina la mtendere ku Maputo. Asilikali a Renamo oposa 5,000 adatula zida, ndipo msasa wawo womaliza, ku Gorongosa, udatsekedwa mu Juni 2023.

Ntchito yonseyi idatenga zaka zoposa 30. Mfuti iliyonse yogulidwa kuseri kwa msika ikubweza ntchito imeneyi m'mbuyo.

Ngati mfuti ilipo kale

Mwina mwaifukula polima. Mwina mwaipeza m'denga la malemu. Mwina mudagula kale, ndipo tsopano mtima suli m'malo.

Ngati mwaitola m'munda kapena m'tchire, musaigwire. Mfuti iliyonse muziiyesa yodzaza, ngakhale itachita dzimbiri lotani. Ikani chizindikiro patali pang'ono, chotsani ana, ndipo kauzeni amfumu ndi apolisi. Zipolopolo musaziponye pamoto, musazikhome ndi mwala, ndipo musazigulitse kwa ogula zitsulo zakale.

Ngati ili m'nyumba, musainyamule m'thumba n'kukwera nayo chapa kupita kupolisi. Mungakumane ndi apolisi a pamsewu musanafike, ndipo kufotokoza kungakuvuteni. Pitani kaye chimanjamanja, limodzi ndi amfumu, secretário do bairro kapena mtsogoleri wa mpingo kapena mzikiti wanu. Fotokozani, ndipo apolisi akuuzeni chochita. Akaitenga, pemphani pepala losonyeza tsiku, nambala ya mfuti ndi dzina la wolandirayo. Liwerengeni musanasaine. Ngati mukuopa za mlandu, funsani kaye uphungu ku IPAJ, ofesi ya boma imene imathandiza anthu osauka pa nkhani za malamulo popanda malipiro.

Ngati wina m'nyumba akukuopsezani ndi mfuti, musadikire. Ku polisi kuli Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência, ofesi yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Lei 29/2009 imateteza amayi ku nkhanza za m'banja, ndipo kuopseza nakonso ndi nkhanza.

Kwa ochepa amene ali ndi chifukwa chomveka ndipo boma lawapatsa chilolezo, malangizo ndi omwewa. Gulani kwa wogulitsa wovomerezeka. Yerekezani nambala ya pa chitsulo ndi ya pa pepala, chilembo ndi chilembo. Mfuti yakale ionedwe ndi armeiro musanalipire. Gulani zipolopolo zatsopano za m'bokosi, zokhala ndi dzina lomwelo limene lili pa mpaipi. Phunzirani kwa mphunzitsi wodziwa. Khomerani mfuti payokha ndi zipolopolo pazokha, ndipo isayandikire mowa.

Ntchito ya sabata ino

M'kalasi mwanu lembani pa bolodi mawu awa: licença, calibre, número de série, armas proibidas. Apezeni m'danga la Chipwitikizi la tsamba lino, ndipo wina aliyense anene tanthauzo lake m'chinenero chathu. Kenako lembani .38 S&W, .38 SPECIAL ndi .357 MAGNUM, ndipo muonetsane pamene akusiyana. Pomaliza, aliyense alembe m'kope mwake nambala ya foni ya apolisi apafupi, n'kukaionetsa a m'nyumba mwake.

Munthu wonong'ona uja akadzakukokerani pambali, musatsutsane naye ndipo musaigwire mfutiyo. Muuzeni kuti ndalama zanu zili ndi ntchito ina, muchokepo, ndipo mukadziwitse amfumu kapena apolisi. Ndalamazo mukagulire mbewu, feteleza, malata ndi makope a ana.